Mbidzi pa Siliva, Makala pa Michiru

M'chaka cha 1978, pamene likulu la Reserve Bank of Malawi linali lidakali mu mzinda wa Blantyre, dziko lathu linatulutsa ndalama zachitsulo zitatu zimene sizinasulidwe kuti munthu akagulire mchere pamsika wa Limbe, koma kuti zigulitsidwe monga malonda kwa anthu okonda kusunga ndalama za maiko osiyanasiyana. Ya siliva ya K5 inali ndi mbidzi, ya K10 inali ndi mphalapala, ndipo ya golide ya K250 inanyamula boo, kapena kuti nyala, nyama yokongola ya ku Lengwe. Kuseri kwa zonsezi kunali nkhope ya Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda. Potero Malawi analowa m'pangano limene maiko ambiri anachita ndi mabungwe a World Wildlife Fund ndi IUCN, lakuti gawo la phindu lipite ku ntchito yosamalira zolengedwa.

Nzeruyo inali yabwino, pakuti wogulitsa mnyanga wa njovu agulitsa kamodzi kokha, njovuyo n'kutha, koma wogulitsa chithunzi chake angathe kugulitsa chaka ndi chaka mwini chithunzi akudya msipu kutchire. Chilema chake chinali chimodzi: malondawo anali a eni chuma, makamaka a kutsidya kwa nyanja, ndipo mmisiri wa ku Ndirande kapena mphunzitsi wa ku Chilomoni analibe nawo gawo.

A ku America anayenda njira ina. Kuyambira 1934 boma lawo limagulitsa sitampu ya chithunzi cha bakha, imene mlenje aliyense wa mbalame za m'madzi ayenera kugula, ngakhale ambiri osasaka amaigulanso mwa kufuna kwawo. Poyamba inali dola imodzi, lero ndi madola 25, ndipo pa dola iliyonse masenti 98 amapita kokagula ndi kusunga madambo. Pang'onopang'ono ndi mtolo, koma chimene chamanga mtolowo ndicho lamulo loletsa kuti ndalamazo zisapatukire kwina.

Kuno kwathu mwambo wogulitsa zithunzi za nyamawu wasungidwa ndi bungwe losakhala la boma, la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lobadwa mu 1947, limene kwa zaka zambiri lakhala likugulitsa makalendala a zinyama ndi mbalame ku ofesi yake ya ku Limbe. Nanga boma, mwini nkhalango? Iye amene aimirira pa Victoria Avenue nakweza maso ake kumapiri aona Ndirande ali mbee, Soche atameteka, ndi Michiru akutsitsa matumba a makala m'bandakucha. Positi ofesi yathu yasindikiza masitampu a nsomba, mbalame ndi maluwa kuyambira kale. Kukanakhala kuti pa sitampu imodzi yotere, kapena pa chitenje cha mbidzi, aikapo kandalama koonjezera kolembedwa m'lamulo kuti n'ka alonda ndi mbande za pa Michiru, ndipo chaka chilichonse nduna n'kumalengeza poyera zimene zalowa ndi zimene zagwira ntchito, ndikhulupirira kuti amayi a ku Chirimba akanagula osanyinyirika.