Nsomba Yaiwisi ndi Ulendo Wake

Lero tikambirana za nsomba zaziwisi zimene timagula pa msika wa Chawama ndi m'misika ina ya muno mu Lusaka.

Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja yamchere, ndipo Lusaka ali kutali ndi madzi ophamo nsomba. Nsomba zathu zimachokera ku mtsinje wa Kafue, makilomita oposa 40 kum'mwera. Ku Siavonga pa nyanja ya Kariba, pafupifupi makilomita 200. Ndi ku Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika, kwawo kwa bukabuka, makilomita oposa 1,000. Makerele ouma ndi ayezi amachokera kutali koposa, ku Namibia. Motero nsomba iliyonse imafika pa msika itayenda kale ulendo, ndipo ulendowo ndiwo tiyenera kuuganizira.

Nsomba imayamba kuwonongeka ikangovuulidwa. Pakhungu pake, m'matumbo mwake ndi m'ziwalo zimene imapumira muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Nsombayo ikafa, tizilomboto timaswana ndi kulowa mumnofu. Kutentha kumafulumizitsa ntchitoyi. Nsomba yokwiriridwa bwino mu ayezi ingathe kukhala sabata yathunthu, koma pa dzuwa la Okutobala silitha tsiku isanavunde.

Tsono pogula, yang'anani maso: akhale owala, osalowa m'kati. Tsegulani pambali pa mutu pamene imapumira: pakhale pofiira, osati potuwa. Dinani mnofu ndi chala: ngati patsala kadzenje, isiyeni, ngakhale mtengo utsike. Kumbukiraninso kuti kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale boma limaletsa kupha nsomba mu Kafue kuti ziswane. M'miyezi imeneyi gulani za m'madamu oweteramo nsomba.

Mukafika kunyumba, palani mamba, itumbuleni, ndi kuitsuka ndi madzi owiritsa kapena othira klorini. Tisaiwale kolera amene anavuta Lusaka mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024; matendawa amayenda ndi madzi oipa ndi manja osasamba. Ngati mulibe firiji, phikani tsiku lomwelo, kapena ithireni mchere ndi kuiwamba pa mbaula.

Amene muli ndi firiji, dziwani kuti kuzizira sikupha tizilombo, kumangotigoneka. Magetsi akazima nthawi yaitali, monga zinachitika mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, nsomba imasungunuka ndipo tizilombo timadzuka. Nsomba imene yasungunuka ndi kufunda musaiumitsenso. Makerele ndiwo ofunika kusamala kwambiri, pakuti akafunda amapanga poizoni amene satha ngakhale muwaphike motani.

Inu ana, akakutumani ku msika, pitani m'mawa, funsani ogulitsa mwaulemu kumene nsomba yachokera, ndipo pobwerera musachedwe m'njira. Tsalani bwino, tidzakumananso sabata yamawa.