Mapepala Otulutsira Katundu Kunja kwa Zambia Kudzera pa Chanida ndi pa Mwami

Katundu wamalonda wochokera m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi amatuluka m'dziko la Zambia kudzera m'njira ziwiri zikuluzikulu. Ina ndi msewu wochoka pa Katete kulowera kumwera mpaka pa boda ya Chanida, yomwe tsidya la Mozambique imatchedwa Cassacatiza. Msewuwu umapitirira ku Tete mpaka kudoko la Beira. Inayo ndi Great East Road, wodutsa ku Chipata kukafika pa Mwami, pomwe kuyambira mu Disembala 2022 ogwira ntchito a Zambia ndi a Malawi amaona katundu pamalo amodzi, kotero kuti lole imaima kamodzi kokha. Mtundu wa katundu ndi dziko limene akupita ndi zimene zimasankha mapepala ofunika, ndipo mapepalawo amatengedwa motsatana, chifukwa lina silituluka popanda linzake.

Wogulitsa amayamba ndi kudziwika kuboma. Bizinesi imalembetsedwa ku PACRA, nambala ya msonkho ya TPIN imatengedwa ku Zambia Revenue Authority, ZRA mwachidule, ndipo payenera kukhala akaunti kubanki ya m'dziko muno. Izi zimachitika kamodzi.

Pepala loyamba la ulendo uliwonse ndi invoisi, yomwe wogulitsa amalemba yekha. Imatchula wogula, mtundu wa katundu, kulemera kwake, mtengo, ndalama imene alipirire, ndi malo amene udindo wa wogulitsa ukuthera, kaya ndi pa depoti ku Katete, pa boda, kapena kudoko. Pambali pake pamakhala mndandanda wa matumba ndi kulemera kwake. Mapepala awiriwa amaoneka opepuka, koma onse otsatira amakopera manambala awo pamenepa. Invoisi ikanena matani 30 pamene chilolezo chikunena 28, lole imagona pa boda mpaka kusiyanako kukonzedwe, mwini katundu akulipira masiku ogonawo.

Zokolola monga chimanga, soya, nshawa ndi mpendadzuwa zimafuna chilolezo chotulutsira kunja chochokera ku Unduna wa Zaulimi, motsatira lamulo la Control of Goods Act. Masiku ano pempho limaperekedwa pa intaneti kudzera pa Zambia Electronic Single Window. Chilolezochi chimalembedwa dzina la mbewu, kuchuluka kwake ndi nthawi imene chigwire ntchito. Boma limachigwiritsanso ntchito poteteza chakudya cha m'dziko. Mu Febuluwale 2024, chilala chitawononga minda, linaimitsa kutulutsa chimanga ndi ufa, ndipo khomo linatsegukanso mu 2025 zokolola zitachuluka. Wamalonda wanzeru sasainirana pangano la chimanga ndi wogula wakunja asanadziwe ngati zilolezo zikuperekedwa chaka chimenecho.

Chotsatira ndi chiphaso chotsimikizira kuti mbewu zilibe tizilombo ndi matenda, choperekedwa ndi nthambi ya Plant Quarantine and Phytosanitary Service. Apa ambiri amasokoneza ndondomeko. Woyamba kuchitapo kanthu ndi wogula: amatenga chilolezo cholowetsera mbewu kudziko lakwawo, ndipo m'chilolezocho mumalembedwa zimene dzikolo likufuna. Woyendera wa ku Zambia amaona katundu potsatira zimenezo, ndiye n'kusaina. Kawirikawiri pamafunikanso chiphaso chosonyeza kuti matumba anafukizidwa mankhwala ophera anankafumbwe, ndipo mayiko ena amafuna umboni wakuti chimanga kapena soya si za GMO.

Nshawa zili ndi vuto lakelake. Chigawo cha Kum'mawa chinatchuka kalekale ndi nshawa za Chalimbana, koma msika wakunja umaopa chuku chotulutsa poizoni wa aflatoxin, chomwe chimamera nshawa zikasungidwa zisanaume bwino kapena zikanyowetsedwa kuti zisendeke msanga. Mayiko a European Union salola nshawa zodyedwa mwachindunji kukhala ndi poizoniyu wopitirira magawo 4 pa biliyoni. Wogula amafuna zotsatira za kulabotale, monga ya Zambia Bureau of Standards. Pepala limeneli silingakonzedwe muofesi: limatsatira mmene nshawazo zinaumitsidwira pakhomo pa mlimi ku Sinda miyezi ingapo lole isanabwere.

Ziweto, nyama ndi zikopa zimadutsa kwa madokotala a ziweto a boma, omwe amapereka chilolezo ndi chiphaso cha umoyo. Golide, yemwe amakumbidwa ku Vubwi, amafuna chilolezo cha boma chotulutsira miyala kunja ndi umboni wa ZRA wakuti msonkho wa miyala unalipiridwa.

Chiphaso chosonyeza kumene katundu anachokera ndicho chimapulumutsa wogula ku msonkho wolowetsera katundu, ndipo potero chimatsitsa mtengo wa katundu wa ku Zambia pamsika wakunja. Chimatsimikizidwa ndi ZRA. Malawi ali mu COMESA, yomwe likulu lake lili ku Lusaka ndipo inayamba malonda opanda msonkho mu 2000, komanso ali mu SADC, kotero katundu wodzera pa Mwami akhoza kuyenda ndi chiphaso cha bungwe lililonse mwa awiriwa. Mozambique sali mu COMESA. Katundu wokagulitsidwa ku Tete amafuna chiphaso cha SADC, ndipo wonyamula cha COMESA pa Cassacatiza wanyamula pepala lopanda ntchito. Mbewu yolimidwa ku Katete sivuta kuitsimikizira kuti ndi ya ku Zambia. Zovuta zimabwera pa zinthu zopangidwa ndi zipangizo zogula kunja, zomwe zimayesedwa ndi malamulo ena.

Zonsezi zikakwana, katundu amalengezedwa ku ZRA pa fomu ya CE 20, kudzera pa makina a ASYCUDA World. Ambiri amalemba ntchito ejenti wokhala ndi laisensi ya ZRA. Katundu aliyense ali ndi nambala yake m'kaundula wa padziko lonse: chimanga chili pa 1005, soya pa 1201, nshawa zosakazinga pa 1202. Kulengeza n'kofunika ngakhale pamene palibe msonkho wolipira, ndipo nambala ikalakwika mlandu umakhudza mwini katundu, osati ejenti yekha. Makina amasankha ngati lole ingodutsa, ionedwe mapepala, kapena itsegulidwe. Dalaivala amakhala ndi pepala lake la katundu amene wanyamula. Ngati ulendo ndi wa kutsidya kwa nyanja, pamawonjezeka mapepala odutsira m'dziko la Mozambique ndi chikalata chimene kampani ya sitima imapereka ku Beira kapena ku Nacala.

Lole ikawoloka, ntchito ya mapepala sinathe. Kuyambira pa 1 Januwale 2024, malamulo a Bank of Zambia amafuna kuti ndalama za katundu wogulitsidwa kunja zilowe mu akaunti ya m'dziko muno pasanathe masiku 90, ndipo banki imazilumikiza ndi nambala yapadera ya ulendowo ya ku ZRA. Katundu wotuluka salipiritsidwa VAT, koma wofuna kubwezeredwa VAT imene analipira pogula zipangizo ayenera kuonetsa umboni wakuti katundu anatulukadi ndipo analipiridwa. N'chifukwa chake makope odindidwa pa boda amasungidwa.

Mayi wonyamula matumba ochepa a nyemba sangakwanitse zonsezi, ndipo COMESA inakonza njira yachidule ya amalonda ang'onoang'ono, yotchedwa Simplified Trade Regime, yomwe imagwira ntchito pa Mwami. Katundu wosapitirira madola 2,000 a ku America, ngati ali pamndandanda umene Zambia ndi Malawi anagwirizana, amadutsa ndi fomu yachidule yodzazidwa pa boda pomwepo, popanda ejenti. Pali desiki yothandiza amalonda kudzaza fomuyo, ndipo bungwe la Cross Border Traders Association limaimira anthu otere. Njirayi imachotsa msonkho wolowetsera katundu, koma sichotsa chilolezo cha Unduna wa Zaulimi, chiphaso cha umoyo wa mbewu, kapena misonkho ya m'kati mwa dziko lolandira. Apa ndi pamene yaperewera, chifukwa mapepala otsalawo ndiwo ovuta kwa munthu wa ku Vubwi, komwe malire a Malawi ali pafupi kuposa maofesi a ku Chipata. Wodzera njira zosaloledwa akagwidwa amaimbidwa mlandu wozembetsa katundu pansi pa lamulo la Customs and Excise Act, lomwe limalola ZRA kulanda katunduyo pamodzi ndi galimoto yomunyamula.