Musawakhazike pansi msanga makolo athu

Pa 15 December 2013, pa maliro a Nelson Mandela ku Qunu m'dziko la South Africa, anthu anaona a Kenneth Kaunda akunyamuka pa mpando ndi kuthamangira ku gome lolankhulirapo ngati mnyamata wa sukulu. Anali ndi zaka 89. A Kaunda anacoka pa mpando wa utsogoleri mu 1991 ali ndi zaka 67, ndipo anakhalanso ndi moyo zaka pafupi-fupi 30 kufikira pa 17 June 2021.

Ambiri tikamakamba za mphamvu zao tithamangira ku cakudya. Ndi zoona kuti analeka kudya nyama m'zaka za m'ma 1950 pokana tsankho la m'mabuchala, momwe munthu wakuda anali kugulira pa kazenera, ndipo mowa sanali kumwa. Ndi zoonanso kuti anali ndi madotolo amene ambuya athu ku Chadiza kapena ku Petauke alibe. Koma ife tiona cinthu cina cimene sicifuna ndalama: mkulu uja sanalole kukhazikidwa pansi. Anali kuvina, kuliza gitala, kusewera gofu, ndipo mu 2002 anapimitsa magazi poyera kuti alimbikitse anthu pa nkhondo yolimbana ndi Edzi. M'mawa uliwonse anali ndi cifukwa coukira.

Apa ndipo tilakwa ife ana, ndipo tilakwa cifukwa ca cikondi. Atate akapuma nchito, kaya ndi pa zaka 55, 60 kapena 65 monga lamulo lilolera, tiwauza kuti, "Khalani pansi atate, munavutika kale." Amai tiwalanda khasu, tiwalanda mthiko, tiwatenga kumudzi ndi kuwatsekera m'nyumba ya mpanda ku Lusaka, kumene mnzao ndi wailesi ya kanema cabe. Pakapita zaka ziwiri tidabwa kuti munthu amene anali kupalasa njinga kucoka ku Mtenguleni kufika m'tauni ya Chipata alephera kunyamuka pa mpando popanda womugwira dzanja.

Palibe wawalodza. Minofu ya munthu iyamba kucepa pang'ono-pang'ono akamakula, ndipo icepa msanga ngati siigwira nchito. Miyendo ikafooka munthu aopa kugwa. Akaopa kugwa aleka kuyenda. Akaleka kuyenda miyendo ifookeratu. Tsiku lina aterereka m'bafa, fupa la m'ciuno lithyoka, ndipo nkhalamba zambiri siziukanso bwino pambuyo pa ngozi yotere. Ndiye cifukwa cake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti munthu wamkulu aziyendetsa thupi mphindi zosacepera 150 pa sabata, ndipo wa zaka 65 kupita m'tsogolo aonjezepo, masiku atatu pa sabata, zocita zolimbitsa miyendo kuti asamadzandire. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu. Kupita pansi ku msika, kuthirira dimba, kusesa pabwalo, kuvina citelele, zonsezi ziwerengedwa.

Tisaiwale pakamwa. Nkhalamba yambiri ipatsidwa phala ndi tiyi wa shuga wambiri poti mano anatha. Koma thupi lokalamba lifuna zomanga minofu: nyemba zopsa bwino, kapenta wosinja, dzira, cibwabwa kapena bondwe wotendera nshawa. Nsima ya mgaiwa iposa ya unga woyera woyengeka. Mcere ndiwo tiyenera kucepetsa. A WHO akuti usafike magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera pamodzi ndi uja uli kale mu buledi, mu soseji ndi mu nsomba zouma. Ife a kuno tizolowera kuthira mcere m'mbale tisanalawe n'komwe ndiwo. BP siimveka kuwawa, ingotulukira tsiku limene mkono ndi mwendo zafa. Kupimitsa pa kiliniki kutenga mphindi zocepa cabe, ndipo amene anapatsidwa mankhwala asaleke kumwa poti akumva bwino.

Koma cimene cikalambitsa koposa ndi kusowa wokamba naye. Kumudzi mkulu ali ndi malo ace: aweruza milandu ya m'banja, alangiza anamwali, afunsidwa za malire a minda, paja akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto. M'komboni moto uyaka, koma dambo tinalitsekera ku cipinda ca kumbuyo. Munthu amene safunsidwa kanthu ayamba kudziona ngati katundu, aleka kusamba bwino, aleka kudya, ena alowerera kacasu. Ndipo ambuya akayamba kuiwala-iwala, kusokera njira usiku kapena kuchula maina a anthu amene anafa kale, pamapezeka ofulumira kunena kuti ndi mfiti. Amenewo ndi matenda a ubongo, ofunika cipatala ndi cisamaliro. Nkhalamba zina zamenyedwa ndi kuphedwa m'dziko lino cifukwa ca umbuli umenewu.

Kwa inu anzathu a imvi tinene mosabisa: mankhwala akuda opaka ku tsitsi sabweza caka ngakhale cimodzi. Musadikire kuitanidwa. Pitani ku mphakati, ku kwaya, ku kalabu ya alimi, ku nsolo pansi pa mtengo. Mdzukulu akuphunzitseni kutumiza uthenga pa foni, inu mumuphunzitse kuluka mphasa kapena kusema mpini. Ngati ana akana kuti mulime ekala yonse, pemphani mizere isanu ya repu kuseri kwa nyumba ndi nkhuku zinai zoti muziziyang'anira nokha.

Ndipo inu ana, m'malo mowalanda khasu, aguleni nsapato zosaterera, ikani nyale pa njira yopita ku cimbudzi, ndipo maso akayamba kucita nkhungu apititseni akapimidwe, pakuti ng'ala icotsedwa ku cipatala ndipo munthu aonanso.