Makoko a Zipatso Asapite Kudzala, Nsomba Zikuwafuna

Achinyamata anzathu, tikayenda mumsika pa Mulanje Boma kapena pa Chitakale nyengo ya chinanazi, timapeza makoko ali mbwee. Pomwepo makalabu ambiri omwe ali ndi maiwe a nsomba akudandaula kuti chakudya chogula chakwera mtengo, ndipo makumba ndi chilunguni sizikukula. Kodi makoko amenewa sangatithandize? Angathandize ndithu, koma pokhapokha titadziwa kagwiritsidwe ntchito kake.

Kodi m'zipatso muli chiyani?

Nsomba nayo ili ndi chitetezo cha m'thupi ngati ife. Ikamadya mosakwanira, kapena ikathithikana m'madzi oipa, chitetezo chimatsika ndipo zilonda ndi matenda ena zimaigwira msanga.

Nsomba zomwe timaweta sizitha kupanga vitamini C m'thupi mwawo, zimayenera kumupeza m'chakudya. Akasowa, zilonda zimachedwa kupola ndipo zina zimapindika msana. Magwafa, mapapaya ndi malalanje ali ndi vitamini ameneyu wambiri.

Mu chinanazi muli michere yotchedwa bromelain, ndipo mu papaya muli papain. Michereyi imaphwanya zakudya zomanga thupi kuti zigayike bwino. Ndi chifukwa chake nyama yolimba imafewa tikaikulunga m'masamba a papaya. Akatswiri a pa yunivesite ya Chiang Mai ku Thailand anayesa kuthira ufa wa makoko a chinanazi m'chakudya cha nsomba za mtundu wa tilapia, zomwe ndi zachibale ndi makumba athu. Anapeza kuti ufa wochepa unathandiza nsomba kukula ndi kulimbana ndi matenda.

Tikonze bwanji?

1. Tolani makoko abwino a chinanazi, nthochi kapena papaya. Owola asiyeni.
2. Atsukeni, aduleni tizidutswa, ndipo muwayanike pathandala mpaka aume gwaa. Kuno kwathu mvula ndi chiperoni sizichedwa, choncho samalani. Makoko ochita chuku atayeni chifukwa amadwalitsa nsomba.
3. Sinjani mumtondo ndi kusefa.
4. Yambani ndi supuni imodzi ya ufawu pa kilogalamu imodzi ya madeya osakaniza ndi soya wokazinga.

Zofunika kusamala

Musakhuthulire zipatso zambiri m'dziwe. Zikamawola zimamaliza mpweya wabwino m'madzi. Mukaona nsomba zikuyasama pamwamba pa madzi m'mamawa, lekani kudyetsa tsiku limenelo ndipo lowetsani madzi atsopano.

Chotsani njere za papaya. Zikachuluka zimachepetsa mphamvu yobereka ya nsomba. Masamba ndi nthangala za mapeyala musaponyemo, muli poizoni yemwe amavulaza ziweto zambiri.

Chachikulu n'chakuti makoko ndi ongowonjezera chabe. Alibe zomanga thupi zokwanira, choncho nsomba yodya makoko okha idzakhalabe yonyentchera. Pitirizani kuthira manyowa kuti madzi abiriwire, ndipo madeya ndi soya zisasowe. Ngati kalabu yanu ili ndi maiwe awiri, yesani ufawu mu dziwe limodzi, lembani m'kope zomwe mwadyetsa, ndipo pokolola muyeze nsomba za mbali zonse pasikelo. Mlangizi wa za nsomba wa ku ofesi ya boma akhoza kukuthandizani.

Izi zikutikhudza bwanji?

Ife ogwira ntchito zaumoyo timayendera makomo omwe muli ana amasiye, agogo ndi anzathu omwe ali ndi kachilombo ka HIV. Ambiri ndiwo za nyama amaziona mwa apo ndi apo. Dziwe likakhazikika, ntchito yake si yolemetsa ngati ya khasu, ndipo limapereka ndiwo ndi kandalama pakhomo. N'chifukwa chake mabungwe a WorldFish ndi World Vision anathandiza mabanja okhudzidwa ndi Edzi ku Chingale m'boma la Zomba kukumba maiwe.

Koma monga makoko salowa m'malo mwa madeya, nsomba ndi zipatso sizilowa m'malo mwa ma ARV, omwe boma linayamba kupereka mwaulere mu 2004. Mnzathu adye bwino, ndipo amwe mankhwala tsiku ndi tsiku.

Pamsonkhano wa kalabu ukubwerawu, sankhani anthu awiri okapempha makoko kwa amayi ogulitsa zipatso. Mutiuze zomwe sikelo idzaonetse.