Dzina la chithunzi: mawu ochepa, mlandu waukulu

Pamsika wa Manjawira m'boma la Ntcheu, m'mbali mwa msewu wa M1 wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, munthu wonyamula kamera si wachilendonso. Alipo ojambula maukwati, zinkhoswe ndi ana otsiriza sukulu, pomwe achinyamata ambiri akungodalira foni zam'manja.

Kale ntchitoyi idalibe zambiri. Wojambula ankazungulira m'midzi panjinga, filimu ya zithunzi 36 ikadzadza n'kupita nayo kutauni kukatsukitsa. Pobwerako aliyense ankalandira chithunzi chake n'kulipira. Chithunzicho sichinkasowa dzina chifukwa mwini wake ankadzidziwa yekha.

Lero zinthu zasintha. Wojambula atha kutola chithunzi cha mlambe dzuwa likulowa, cha amayi ali pamjigo kapena cha madoda akuvina ngoma, n'kuchiika m'felemu kuti chikapachikidwe kumalo ogona alendo, m'maofesi ndi m'malesitilanti. Ena amachiponya pa Facebook kapena pa WhatsApp, komwe abale amene ali ku Joni amachiona n'kufuna kuti chikakhale pakhoma lawo, chiziwakumbutsa kumudzi.

Wogula wotereyu sadziwa munthu amene ali pachithunzipo, mwinanso ngakhale malowo sadapondeko. Chomwe amadalira ndi mawu awiri kapena atatu olembedwa m'munsi. Mawu amenewo ndiwo amamuchititsa kupisa m'thumba kapena kungodutsa. Ndi omwewonso amene angalemekeze munthu wojambulidwayo kapena kumuvula ulemu pamaso pa anthu akwawo.

Tiyerekeze chithunzi cha mayi amene wakhala pambali pa milu ya tomato pamsika wa Manjawira madzulo, mwana ali kumbuyo. Wojambula wina atha kuchitcha "Umphawi". Mlendo wochokera kunja akhoza kugwidwa chisoni n'kugula msanga.

Komatu mwina mayiyo wamanga nyumba yamalata ndi tomato yemweyo, ndipo ana ake awiri ali kusekondale. Tsiku lina chithunzicho chidzafika pafoni ya mwana wake kapena ya apongozi ake, mawu aja ali pomwepo. Ndalama ya wojambula idzakhala itatha kalekale, koma manyazi a banjalo adzakhala akungoyamba kumene.

Chithunzi chomwecho chikatchedwa "Milu yotsiriza, Manjawira", wogula amamva kuti tsiku latha, malonda ayenda, ndipo amadziwa komwe zidachitikira. Palibe walakwiridwa, komanso palibe bodza lanenedwa.

Vuto la dzina lolakwika lidagwerapo ngakhale akatswiri otchuka padziko lonse. M'chaka cha 1936, Dorothea Lange adajambula mayi wina ali ndi ana ake pamsasa wa anthu ofuna maganyu ku Nipomo, m'chigawo cha California ku America. Chithunzicho chidatchuka ndi dzina loti "Migrant Mother", kutanthauza mayi wosamukasamuka, ndipo chidasanduka chizindikiro cha umphawi wa zaka zimenezo.

Padapita zaka zoposa 40 anthu asakudziwa kuti mayiyo ndani. Mu 1978 mtolankhani wina adamupeza. Dzina lake lidali Florence Owens Thompson, ndipo adadandaula kuti wojambulayo sadamufunse n'komwe dzina, komanso kuti iye sadapindule kanthu ndi chithunzi chomwe chidazungulira dziko lonse.

Nkhani ina ndi ya Kevin Carter wa ku South Africa. Mu 1993 iye adajambula mwana wofooka ndi njala ali chigwadire pansi, muimba utatera kumbuyo kwake, ku Ayod komwe lero ndi m'dziko la South Sudan. Nyuzipepala ya New York Times idatulutsa chithunzicho pa 26 March chaka chomwecho n'kunena kuti mwanayo adali mtsikana. Carter adalandira nacho mphotho ya Pulitzer mu 1994, ndipo mpaka pano ambiri amachitchula kuti chithunzi cha muimba ndi kamtsikana.

Mu 2011 atolankhani a nyuzipepala ya El Mundo ya ku Spain adapeza bambo a mwanayo. Bamboyo adawauza kuti adali mnyamata, dzina lake Kong Nyong, ndipo adapulumuka njalayo, n'kudzamwalira patapita zaka zambiri. Kwa zaka 18 dziko lonse linkabwereza mawu olakwika. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Kuno kwathu kuli chitsanzo cha phindu losunga mayina. Chilipo chithunzi cha mu 1914 choonetsa M'busa John Chilembwe ali ndi mmishonale wachizungu John Chorley patchalitchi cha ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Onse awiri adavala zipewa, pomwe nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Mu January 1915 Chilembwe adaukira atsamunda.

Chifukwa mayina a anthu awiriwo, malo ndi chaka zidasungidwa, chithunzicho chidatha kulankhulabe patapita zaka zoposa 100. Mmisiri wa zaluso wa ku Malawi, Samson Kambalu, adachitenga n'kupanga nacho chiboliboli chomwe chidaimikidwa pabwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London mu September 2022.

Kambalu sadachitche kuti ngwazi kapena ufulu. Adachitcha "Antelope". Mzungu akawerenga amangoganiza za nyama yam'tchire, koma wodziwa Chichewa amakumbukira kuti chilembwe ndi dzina la nyama ya mtundu womwewo, yanyanga zopindikira kumbuyo. Liwu limodzi lidanyamula dzina la munthuyo ndi chiyankhulo chakwawo, ndipo lidachititsa odutsa kufunsa kuti nkhani yake njotani. Umu ndi momwe dzina labwino limagwirira ntchito: limatsegula khomo, wogula n'kulowa yekha.

Kwa wojambula wa ku Manjawira, mayeso aakulu amabwera pa zachikhalidwe. Ntcheu ndi kwawo kwa Angoni a Maseko, omwe amasonkhana pamwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo motsogozedwa ndi Inkosi ya Makhosi Gomani V. Kumeneko amakumbukiranso Gomani I, yemwe adaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Zithunzi za madoda ali ndi zishango ndi nthungo zimakoka maso a ogula.

Koma kulemba pansi pake kuti "Umthetho" n'kulakwa kwakukulu, chifukwa umenewo ndi mwambo wa Angoni a Jere womwe umachitikira kuphiri la Hora m'boma la Mzimba, kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V. Kutcha ngoma kuti gule wamkulu n'kuonjezera mlandu, popeza gule wamkulu ndi wa Achewa. Mngoni wa ku Ntcheu akaona zimenezo sagula, ndipo akauza anzake kuti wojambulayo sadziwa zomwe akugulitsa.

Nayonso miyambi imafuna kusamala. Mabanja ambiri amakonda mawu anzeru pakhoma, monga momwe amawaonera pamaminibasi ndi pamagolosale. Chithunzi cha anthu akunyamulira limodzi denga la nkhokwe chimayenera bwino mwambi woti mutu umodzi susenza denga.

Koma mwambi ukakhala pansi pa nkhope ya munthu wodziwika m'mudzi umasanduka chipongwe. Kujambula bambo atakhala pamalo omwera mowa n'kulembapo kuti chakomachakoma pusi adagwa chagada, n'kudziitanira mlandu kubwalo la amfumu. Phindu la chithunzicho silingakwane mbuzi yolipira.

Pali nthawi inanso yomwe kutchula dzina lenileni kumavulaza. M'mbali mwa msewu wa M1 anthu amagulitsa zinthu zosiyanasiyana, kuphatikizapo makala. Lamulo la zankhalango lomwe lidakonzedwanso mu 2020 lidakhwimitsa zilango kwa ootcha ndi ogulitsa makala popanda chiphaso. Chithunzi cha munthu akukankha njinga yamakala, m'munsi muli dzina lake ndi mudzi wake, chikhoza kumuika m'mavuto omwe wojambula sadawaganizire.

Choncho funso loyamba silikhala loti dzina lokoma ndi liti. Loyamba ndi loti kodi mwini nkhopeyo wavomera kuti chithunzi chake chigulitsidwe, ndipo akufuna atchulidwe bwanji. Mayi wina angakonde kutchulidwa ndi mfunda wake, monga mwa ulemu wakuno, wina safuna kutchulidwa n'komwe. Ngati ndi mwana, makolo ndiwo ayenera kuvomereza. Ndipo wojambula adzifunsire yekha, osatuma munthu, paja kandimverere adakanena zam'maluwa.

Chilolezo chikapezeka, zotsalazo n'zosavuta. Dzina likhale lalifupi, loti munthu angalikumbukire akafika kunyumba n'kuimba foni kuti akufuna chithunzi chakutichakuti. Lisangobwereza zomwe maso akuona kale. Kulemba kuti "Mtengo" pansi pa mlambe sikuonjezera kanthu, koma "Podikirira basi" kumauza wogula chomwe mlambewo umachita pamoyo wa anthu.

Pambuyo pa dzina pabwere malo ndi chaka. Wa ku Joni amagula chifukwa waona liwu loti Manjawira, Senzani kapena Chingeni. Ngati ogula ambiri ndi alendo akunja, dzina la Chichewa likhale pamwamba, tanthauzo lake m'Chingerezi pansi. Mtengo wa chithunzi ulembedwe pakapepala kapadera, chifukwa mitengo imasintha pomwe dzina liyenera kukhala lomwelo pamakope onse.

Ojambula ena amatsukitsa makope owerengeka okha n'kulemba nambala pakona, monga 3/20, kusonyeza kuti ili ndi kope lachitatu mwa makope 20. Wochita zimenezi asunge lonjezo lake. Akatsukitsa ena mobisa, ogula oyamba aja amakhala kuti aberedwa.

Wojambula asaiwalenso dzina lake. Lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limateteza zithunzi monga momwe limatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo bungwe loona za umwiniwu ndi Copyright Society of Malawi, lomwe ambiri amangoti Cosoma. Chithunzi chopanda dzina la mwini wake chikalowa pa intaneti chimakhala ngati mbuzi yopanda chizindikiro: aliyense amati njake. Kukhala ndi kabuku kolembamo dzina la chithunzi chilichonse, tsiku ndi malo omwe chidajambulidwira kumathandiza pakabuka mkangano.

Nawo mabanja ali ndi gawo lawo. M'nyumba zambiri za m'misika ngati Manjawira muli maalubamu odzadza ndi nkhope zomwe adzukulu sangathe kuzitchula, chifukwa agogo amene ankazidziwa adatisiya. Kulemba ndi pensulo kuseri kwa chithunzi dzina la munthu, malo ndi chaka sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Mayi wa tomato uja nayenso adzakhala ndi adzukulu. Tsiku lina mmodzi wa iwo adzaona chithunzicho pakhoma la ofesi ku Blantyre kapena m'nyumba ya m'bale ku Johannesburg, n'kuwerenga mawu ali m'munsiwo. Wojambula asanalembe, aganizire mdzukulu ameneyo.