Oppenheimer: Mwini Migodi Amene Anadikira Kavalo Mmodzi Zaka 50

Madoda ambiri a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde amene anapita ku Joni pa Wenela anagwirako ntchito m'migodi ya kampani ya Anglo American. Bwana wamkulu wa kampaniyi kuyambira 1957 mpaka 1982 anali a Harry Oppenheimer. Kampani yomweyi inali m'gulu la makampani amene anamanga damu la Cahora Bassa. Koma ku South Africa bamboyu ankadziwikanso ndi khola lake la akavalo othamanga pa mpikisano.

A Oppenheimer anabadwa mu 1908 ku Kimberley, mzinda wa migodi ya dayamondi. Mu 1943 anakwatira mayi Bridget McCall, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, banjali linayamba kuweta akavalo pa famu ya Mauritzfontein, pafupi ndi Kimberley pomwepo.

Ntchitoyi siisiyana kwenikweni ndi ya mlimi wa ng'ombe. Mwini khola amasankha mphongo yabwino ndi yaikazi yochokera ku mtundu wa liwiro. Kavalo amakhala ndi bere miyezi 11, ndipo mwana wake sayamba mpikisano asanakwane zaka ziwiri. Choncho munthu amadyetsa, kulipira abusa ndi adokotala a ziweto kwa zaka zitatu asanadziwe ngati anasankha bwino. Akavalo ambiri sabweza ndalama zimene amadya.

Mpikisano wotchuka kwambiri m'dzikolo ndi Durban July, wa mamita 2,200. Kavalo wa banjali wotchedwa Tiger Fish anapambana mpikisanowu mu 1959, King Willow mu 1965, ndipo Principal Boy mu 1975. Onsewa anali akavalo abwino, koma woposa onse anali asanabadwe.

Zinthu zinasintha atagula mphongo yotchedwa Fort Wood, imene inapambana mpikisano waukulu ku Paris mu 1993. Mwa ana ake oyamba, mu 1995 munabadwa Horse Chestnut. Anam'pereka kwa mphunzitsi wa akavalo, a Mike de Kock. Mu 1999 kavaloyu anapambana mpikisano wa Met ku Cape Town, anzake atatsalira kutali. Chaka chomwecho anakhala woyamba kutenga mipikisano yonse itatu ya akavalo a zaka zitatu imene amaitcha Triple Crown. Apa n'kuti a Oppenheimer ali ndi zaka 90.

Kenaka anam'tumiza ku America. Kumayambiriro kwa 2000 anapambana ku Florida, koma posakhalitsa fupa la mwendo linathyoka ali pa maphunziro, ndipo sanathamangenso. Pa mipikisano 10 imene analowa, anapambana 9. A Oppenheimer anamwalira mu Ogasiti chaka chomwecho. Mayi Bridget anapitiriza ntchitoyi, napambananso Durban July mu 2004 ndi Greys Inn, ndiponso mu 2007 ndi Hunting Tower. Iwo anamwalira mu 2013.

Kudikira zaka 50 kotereku kumatheka kwa munthu amene thumba lake silibooka. Chuma cha banjali chinachokera ku golide ndi dayamondi. A Oppenheimer ankatsutsa tsankho poyera, ndipo ankathandiza ndi ndalama chipani cha Progressive chimene chinkalimbana nalo. Komabe pa nthawi yomweyo, munthu wakuda wa mu mgodi ankalandira malipiro ochepa kwambiri poyerekeza ndi mzungu, ankagona m'komponi, mkazi ndi ana atatsala kumudzi. Ena anabwerera ndi njinga, wailesi ndi ndalama zogulira ng'ombe. Ena anabwerera ndi chifuwa cha fumbi la mu mgodi.

Mayina a akavalo a ku Mauritzfontein analembedwa m'mabuku, pamodzi ndi atate ndi amayi awo mpaka mibadwo yambiri. Mayina a amuna amene anakumba golide uja amasungidwa ndi adzukulu awo m'midzi ya m'malire muno.