Munda ndi Dimba: Za "Major" ndi "Minor" ya Ana Athu Ophunzira Cingerezi

Makolo ambiri a kuno ku Chingodzi, ku Matundo ndi ku Moatize amadabwa mwana wao wa ku yunivesite akayamba kukamba za "minor". Mwanayo anacoka pakhomo atanena kuti akukaphunzira Cingerezi, koma pakati pa ulendo akubwera ndi nkhani yakuti aphunzirenso cinthu cina. Bambo amafunsa kuti, "Kodi Cingerezi cija cakukanika?" Mayi nao amati, "Ndiye kuti wasintha maganizo eti?" Enanso amamva ngati akunena "menor", mau a Cipwitikizi onena mwana wosakwana zaka, n'kumaganiza kuti ndi maphunziro a ana aang'ono. Ai, sizili conco. M'nkhani ino tifotokoza tanthauzo la mau amenewa, zimene wophunzira Cingerezi amaphunzira, ndi phindu lake kwa ife olankhula Cinyanja.

Cifukwa ciyani Cingerezi kuno ku Tete?

Dziko la Mozambique lazunguliridwa ndi maiko asanu ndi limodzi: Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini. Onsewa amagwiritsa nchito Cingerezi m'boma ndi m'masukulu. Cigawo cathu ca Tete cokha cagundana ndi atatu mwa iwo. Amene anapitako ku Zóbuè, ku Calómuè, ku Cassacatiza kapena ku Cuchamano akudziwa kuti ukangodutsa cipata, mapepala onse asanduka a Cingerezi. Magalimoto akuluakulu amene timawaona akuoloka Zambezi usana ndi usiku amanyamula makalata a katundu a m'cilankhulo comweco.

Nkhondo nayo inacitapo zake. Pa nthawi ya nkhondo ya zaka 16, anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, kumadera monga Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje, ndipo ena anakakhala ku Ukwimi m'dziko la Zambia. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera, ndipo pakati pao panali ana amene anali atalawako sukulu ya Cingerezi. Mu 1995 dziko lathu linalowa m'bungwe la Commonwealth ngakhale silinalamulidwepo ndi Angerezi. Mu 2004 maphunziro a pulaimale atakonzedwanso, Cingerezi cinayamba kuphunzitsidwa kuyambira kalasi ya 6. Kenaka kunabwera makampani a malasha: a Vale anayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, ndipo mu 2022 anagulitsa mgodiwo kwa a Vulcan ocokera ku India. Zonsezi zinawonjezera njala ya anthu odziwa Cingerezi, makamaka aphunzitsi.

Munda ndi dimba

Sukulu yaikulu yosula aphunzitsi inayamba ku Maputo mu 1985 ndi dzina lakuti Instituto Superior Pedagógico, ndipo mu 1995 inasanduka Universidade Pedagógica, imene tinazolowera kuichula kuti UP. Inatsegula nthambi m'zigawo, kuphatikizapo kuno ku Tete. Mu 2019 boma linaigawa kukhala mayunivesite asanu. Nthambi za ku Manica ndi ku Tete zinapanga Universidade Púnguè, imene likulu lake lili ku Chimoio.

A UP ndiwo anazoloweretsa ana athu mau akuti "major" ndi "minor", amene anafala kucokera ku mayunivesite a ku America. Kuti timvetse, tiyeni tiganizire za mlimi wa m'mbali mwa Revúbuè. Ali ndi munda waukulu wa cimanga kapena mapira, umene umamudyera nthawi yambiri ndi mphamvu zambiri. Komanso ali ndi kadimba kumtsinje, kamene amabzalamo matimati, anyezi ndi nkhwani. Mundawo ndiye "major", phunziro lalikulu la zaka zonse zinai za licenciatura. Dimbalo ndiye "minor", phunziro laciwiri, locepa, koma lokwanira kuti munthu aligwirire nchito. Pa diploma amalemba kuti "com habilitações em". Mwacitsanzo, "Licenciatura em Ensino de Inglês com Habilitações em Ensino de Português" ndiye kuti munda wake ndi Cingerezi, dimba lake ndi Cipwitikizi. Wina amatembenuza: munda Cipwitikizi, dimba Cingerezi.

Tonse tikudziwa kuti caka ca cilala banja limapulumukira ku dimba. Sukulu ya kumudzi ku Chifunde kapena ku Macanga ingafune mphunzitsi mmodzi woti aphunzitse maphunziro awiri. Amene ali ndi munda wokhawokha amadikira, pamene wa dimba ali ndi makomo awiri ogogoda. Conco si kulephera ai. Ndi nzeru ya aulimi yomwe ija.

Tsono kaya Cingerezi cikhale munda kaya cikhale dimba, pali njira zitatu zimene wophunzira amayendamo.

Njira yoyamba: mabuku

Iyi ndi imene amati literatura, ndiye kuti kuwerenga ndi kusanthula nthano, ndakatulo ndi masewero. Makolo ena amati, "Kulipira propina kuti mwana azikawerenga nthano? Nthano si za agogo madzulo?" Koma taonani. Munthu sadziwa cilankhulo ndi malamulo a galamala okha. Amacidziwa akamva m'mene eni ake amakalipirana, amadandaulira, amanyengererana ndi kusekana. Zimenezi zili m'mabuku.

Komanso mabuku a Cingerezi si a Shakespeare okha. Mu 1958 Chinua Achebe wa ku Nigeria anasindikiza Things Fall Apart, nkhani ya Okonkwo, ngwazi ya mtundu wa Aigbo, amene mwana wake anatsata amishoni pamene mudzi unali kugawanika. Mwana wa ku Angónia akawerenga bukuli amakumbukira zimene anamva za gule wamkulu ndi mpingo m'masiku a makolo ake, ndipo amayamba kufunsa mafunso abwino za mbiri ya kwao. Jack Mapanje wa ku Malawi anatulutsa ndakatulo zake, Of Chameleons and Gods, mu 1981. Boma la nthawi imeneyo linamutsekera mu 1987 popanda kumuzenga mlandu, pamene anali mkulu wa gawo la Cingerezi ku Chancellor College, ndipo anatuluka mu 1991. Wophunzira amaona pamenepa kuti mau olembedwa ali ndi mphamvu, ndiponso ali ndi mtengo wake.

Cingerezi ndi mlatho umene watengera nkhani zathu kunja. Buku la Luís Bernardo Honwana, Nós Matámos o Cão-Tinhoso, la mu 1964, linamasuliridwa m'Cingerezi mu 1969, ndipo linawerengedwa m'maiko ambiri a mu Africa. Kale kwambiri izi zisanacitike, Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo m'Cinyanja cathu comwe cino. Bukulo linatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi mu 1934. Onani bwino apa: Cinyanja cinatsogola, Cingerezi cinatsata pambuyo.

Njira yaciwiri: uphunzitsi

Kudziwa kulankhula ndi kudziwa kuphunzitsa n'zosiyana. Alipo anyamata ambiri amene anabwera ndi Cingerezi cokoma kucokera ku Johannesburg kapena ku Blantyre, koma muwaike kutsogolo kwa kalasi yodzaza ana, thukuta kamukamu, phunziro osayenda. N'cifukwa cake wophunzira uphunzitsi amatenga didáctica, ndiye kuti njira zophunzitsira, amapita kukaonerera aphunzitsi akale pa práticas pedagógicas, kenaka amaphunzitsa yekha pa estágio akumuyang'anira. Amaphunzira kukonza phunziro, kulemba mayeso oyenera, ndi kucititsa ana onse kulankhula ngakhale buku lili limodzi pa ana asanu.

Mwana wa ku Chingodzi amafika pa Cingerezi atasenza kale zilankhulo ziwiri kapena zitatu: Cinyungwe ca mumzinda, Cinyanja ca makolo ngati anacokera ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Zóbuè, ndi Cipwitikizi ca kusukulu. Mphunzitsi wosulidwa bwino amadziwiratu pamene mwanayo adzapunthwe. M'Cinyanja "l" ndi "r" sizisintha tanthauzo la mau, koma m'Cingerezi "light" ndi "right" ndi zinthu ziwiri. Cipwitikizi naco cili ndi misampha yake. Mau akuti "puxar" amatanthauza kukoka, pamene "push" wa Cingerezi, amene amamveka ngati mbale wake, amatanthauza kukankha. Apa ndi pamene dimba la Cipwitikizi limathandiza munda wa Cingerezi. Mphunzitsi wodziwa zonse ziwiri, n'kuwonjezapo cilankhulo ca kunyumba, amafotokoza kamodzi ana n'kumva.

Njira yacitatu: zolemba za panchito

Njira iyi ndi yosachuka, koma kuno ku Tete ndi yofunika koposa. Azungu amati "technical writing". Ndi luso lolemba malangizo a makina, malipoti, macenjezo ndi makalata a panchito, kuti wowerenga acite coyenera mosalakwitsa. Ku America mayunivesite ambiri ali nalo ngati "minor" payokha. Kwathu kuno limabwera kudzera m'maphunziro monga Inglês Técnico ndi Técnicas de Expressão. Amene amalifuna kwambiri ndi ana ophunzira za migodi ku Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, ophunzira zacipatala, ndi onse odzagwira nchito ku magetsi a ku Songo kapena pa zipata za m'malire.

Wolemba ndakatulo amakondwera mau ake akamveka pawiri. Wolemba malangizo amaopa zimenezo ngati njoka. Tiyerekeze kuti pa khoma la galaja alembapo kuti: "N'kofunika kuti pakhale kuonetsetsa kuti makina akhale atazimitsidwa nchito yokonza isanayambike." Mau ake ndi aulemu ndithu, koma azimitse ndani? Liti? Wodziwa luso lake amalemba motere:

1. Zimitsa makina.
2. Tseka pa magetsi ndi loko wako, kiyi uike m'thumba.
3. Pacika cikwangwani cokhala ndi dzina lako.
4. Yesa kuyatsa. Akapanda kuyaka, yamba kukonza.

Ciganizo cimodzi, nchito imodzi, ndiponso motsatana monga zicitikira. Cenjezo limabwera nchito isanacitike, osati pambuyo pake. Cinthu cimodzi cimachulidwa ndi dzina limodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Miyeso imalembedwa ndi manambala. Malamulowa akuoneka apafupi, koma ndi amene amasunga zala ndi moyo wa munthu.

Taganizirani mlimi wa fodya kapena mbatata ku Tsangano amene wagula botolo la mankhwala ophera tizilombo kutsidya la malire. Malangizo onse ali m'Cingerezi: asakanize madzi oculuka bwanji, avale ciyani, adikire masiku angati asanakolole. Akangoyerekeza, aononga mbeu kapena adwalitsa banja. Pamenepa pakufunika munthu womva Cingereziyo bwinobwino, n'kuilemba m'Cinyanja comveka, osawonjeza, osacotsa.

Nanga Cinyanja cathu citsala pati?

Ena amaopa kuti mwana akazama m'Cingerezi adzanyoza cilankhulo ca amai ake. Mantha amenewa si acabe. Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya, amene anamwalira mu 2025, anali mphunzitsi wa mabuku ku yunivesite, ndipo atalingalira za vuto lomweli anayamba kulemba nthano zake m'Cigikuyu. Koma mbiri ya kwathu kuno ikutionetsa kuti zilankhulo zingathe kuthandizana. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa nchito yochedwa PEBIMO, yophunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, ndipo linasankha Cinyanja kuno ku Tete ndi Xichangana ku Gaza. Anaona kuti ana oyamba ndi cilankhulo ca kwao ankayankha momasuka m'kalasi. Kucokera mu 2003 maphunziro otere anafalikira m'zilankhulo zambiri za dziko lino. Ku Universidade Eduardo Mondlane munthu angathe kutenga licenciatura ya kuphunzitsa zilankhulo za Cibantu, kapenanso ya kumasulira.

Cimene cikusowa ndi zowerenga. Mwana akamaliza buku la kalasi, awerenge ciyani m'Cinyanja? Amene anamasulira Buku Lopatulika, lotuluka mu 1922, ndi ansembe a Cijezuiti amene anasonkhanitsa mau a Cinyanja ku Angónia, anali anthu odziwa zilankhulo zingapo amene anagwiritsa nchito nzeruzo pomanga cathu. Lero udindo umenewo wagwera ana athu omwe. Wa mabuku alembe mbiri ya mudzi wake agogo asanapite nayo kumanda. Wa uphunzitsi athandize kalasi ya kwaca ya pa parishi. Wa zolemba za panchito amasulire malangizo a kucipatala ndi a ulimi.

Mau kwa makolo ndi ana

Safunsa anadya phula. Mwana asanalembetse exame de admissão, khalani naye pansi muwerenge edital wa caka cimeneco, cifukwa ndiye amanena maphunziro amene alipo, malo ake ndi ciwerengero ca ofunika. Ikafika nthawi yosankha "minor", mufunseni mafunso atatu. Kodi phunziroli ukulikonda, kapena ukungotsata anzako? Kodi likugwirizana ndi phunziro lako lalikulu? Nanga kumene ukufuna kukagwira nchito akulifuna? Akayankha bwino, mulekeni alime dimba lake.

Ndipo inu ana, tikudziwa kuti ambiri mumadzuka m'mamawa kukakwera chapa, ena mumaphunzira usiku mutaweruka ku nchito, dzuwa la Tete litakuphikani tsiku lonse. Limbikirani. Mukamalemba monografia yanu, kumbukirani kuti m'midzi yathu muli miyambi, nthano ndi mbiri zimene palibe anazilemba. Mukatha, tumizaniko masamba awiri kapena atatu m'Cinyanja ku nyuzi yathu ino, kuti amene anakulipirirani sukulu awerengeko nao.